Physics ya mu poto: n'chiyani chimafufumitsa sikono pa Mzimba Boma?

Anthu awiri atha kutapa ufa mu thumba limodzi, kugula shuga pa golosale imodzi, koma wina n'kuphula masikono ofewa, mnzakeyo n'kuphula timiyala toyenera kuika pa legeni. Kwathu kuno timangoti "ali ndi dzanja". Ine dzanjalo sindikukana, koma zimene dzanjalo limachita zili mu silabasi yanu ya Fomu 3 ndi Fomu 4: gas laws, heat transfer, latent heat, ndi Chemistry pang'ono. Nkhaniyi si yoseweretsa ayi. Tirigu wochuluka amene timadya m'Malawi muno amachokera kunja, wa ku Tsangano uja ndi wochepa, ndiye mtengo wa ufa wa tirigu umatsatira dola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense anaziona yekha pa shelefu. Ukaononga theka la kilogalamu ya ufa, pakhomo sakupatsanso wina. Ndipo periyodi yoyamba mu Juni ndimakuonani ine: amene mwabwera ndi tiyi wopanda chotsitsira, pofika 10 koloko mutu uli pa desiki.

Choyamba tisiyanitse zinthu. Masikono ambiri a m'magolosale, kuphatikizapo Obama uja, amafufumitsidwa ndi yisiti. Yisiti ndi chamoyo, amadya shuga n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo kukazizira amachita ulesi. M'mawa wa Juni kuno mungamudikire mpaka belu kulira. Sikono imene tikukamba pano ndi ya baking powder kapena soda, yosadikira.

Muyezo wake ndi uwu. Ufa wa tirigu magalamu 500, amene ndi makapu 4 osadzaza mosefukira. Majarini magalamu 100. Shuga masupuni aakulu 5 kapena 6, mchere theka la supuni ya tiyi, baking powder masupuni a tiyi 5 osalazidwa ndi mpeni, ndi mkaka mamililita 300. Dzira silofunika. Mutuluka masikono 12 kapena kupitirirapo malinga ndi kapu imene mukudulira. Phatikizani mitengo ya zonsezi, muonjezere ya makala, mugawe ndi 12, kenaka muyerekeze ndi mtengo wa sikono imodzi ya pa msika. Samu imeneyo pangani nokha, chifukwa mitengo imene ndingalembe lero mwezi wa mawa ikhala itasintha.

Mpweya uchokera kuti

Soda wa m'timapaketi uja dzina lake ndi sodium hydrogen carbonate, NaHCO₃. Akakumana ndi asidi m'madzi, amatulutsa carbon dioxide. Tiwerenge. Mole imodzi ya soda imalemera magalamu 84 ndipo imapereka mole imodzi ya mpweya, imene pa temperature ya m'chipinda imatenga malita pafupifupi 24. Supuni ya tiyi ya soda ndi magalamu pafupifupi 5. Gawani 5 ndi 84, mupeza 0.06. Chulukitsani ndi 24, mupeza malita 1.4. Kasupuni kamodzi basi, mpweya woposa botolo la lita imodzi. Si wonse umene umatsala mu sikono, wambiri umathawa, komabe mwaona kumene mphamvu ikuchokera.

Nanga asidi akapanda kukhalapo? Soda amaswekabe ndi moto, koma mamole awiri a soda amangopereka mole imodzi ya mpweya, theka chabe, n'kusiya sodium carbonate mu chakudya. Ameneyu ndiye amachititsa sikono kukhala yachikasu mkati, n'kumamveka ngati sopo m'kamwa. Amene munadyapo therere lochuluka chidulo mukudziwa kakomedwe kamene ndikunena. Chidulo nachonso ndi alkali, cha m'banja lomwelo.

Baking powder ndi soda yemweyo amene anamusakaniza kale ndi asidi wouma komanso sitachi yoteteza chinyezi. Mmodzi mwa oyamba kumupanga anali Alfred Bird wa ku Birmingham mu 1843, ndipo chinamuchititsa n'chakuti thupi la mkazi wake silinkagwirizana ndi yisiti. Ngati ndalama ya baking powder palibe, ikani soda supuni ya tiyi imodzi, m'malo mwa mkaka wamba muthire chambiko, mufinyiremo ndimu imodzi. Kungoti mukathira zamadzizo reaction yayamba pompo, ndiye moto ukhale uli wokonzeka kale. Baking powder wokhalitsa muyeseni kaye: kasupuni m'madzi otentha. Akapanda kuchita thovu, wafa ameneyo, musamuonongere ufa.

Tsopano Charles's law. Ufa wokanda umalowa pa moto uli pa 20°C, amene ndi 293 K. Mkati mwa sikono mumafika pafupifupi 95°C, amene ndi 368 K. Gawani 368 ndi 293, yankho ndi 1.26. Ndiye kuti kutenthedwa kokha kumakulitsa kathovu kalikonse ndi kota basi. Ophunzira ambiri amagawa 95 ndi 20 n'kupeza kuti sikono ikula pafupifupi kasanu. Ikanakhala choncho bwenzi tonse tili olemera. Ma gas laws amafuna kelvin, ndipo malikisi ambiri amatayikira pamenepa.

Ngati kota yokha, kufufuma kwinako kukuchokera kuti? Mbali ina ndi carbon dioxide watsopano amene akutulukabe ufa ukamatentha. Mbali ina, imene anthu amaiwala, ndi nthunzi. Mililita imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi pa 100°C m'mphepete mwa nyanja yamchere imatenga malita pafupifupi 1.7. Kadontho kakang'ono kakaphwera mkati mwa kathovu, kamakankha makoma ake mwamphamvu ndithu.

Apa Mzimba ili ndi nkhani yakeyake. Boma lathuli lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,350 kuchokera pa sea level. Mpweya umene uli pamwamba pa mitu yathu ndi wocheperako, ndiye pressure ndi pafupifupi 86 kPa, pamene ku Beira kapena ku Dar es Salaam ndi 101 kPa. Boyle's law, imene Robert Boyle anasindikiza mu 1662, imati pressure ikatsika volume imakwera. Gawani 101 ndi 86, mupeza 1.17. Mpweya womwewo kuno umatenga malo ochuluka ndi 17 peresenti. Mililita ya madzi ija kuno imapereka nthunzi pafupifupi malita 2. Zikumveka ngati mwayi, eti? Pang'ono. Vuto lake timathovu tikakula msanga makoma asanalimbe timaphulika, sikono n'kukwera kenaka n'kufwamphuka. N'chifukwa chake ndalemba masupuni 5 a baking powder pamene mabuku ambiri olembedwa kumadera otsika anganene 6. Komanso madzi kuno amawira pa 95°C ndi theka, osati 100°C, ndiye amauma msanga. Ufa ukaoneka wouma onjezerani mkaka supuni imodzi kapena ziwiri. Mnzanu wa ku Nkhata Bay, kumene nyanja ili pa mamita osafika 500, madzi ake amawira kupitirira 98°C. Wa ku Chikangawa ndiye zake zaposa zathu.

Osakanda ngati buledi

Mu ufa wa tirigu muli mapuloteni awiri, glutenin ndi gliadin. Akanyowa n'kukandidwa amalukana kukhala gluten, chinthu chotamuka ngati mphira. Buledi amafuna gluten wambiri. Sikono imafuna wochepa, wongokwanira kugwira mpweya. N'chifukwa chake timayamba ndi kufikisa majarini mu ufa wouma ndi nsonga za zala mpaka uoneke ngati nyenyeswa. Mafuta amakuta timibulu ta ufa, madzi n'kulephera kufikira puloteni yense. Chikhatho n'chotentha, chimasungunula majarini nthawi isanakwane, ndiye gwiritsani nsonga zokha. Apa kuzizira kwa kwathu kuno kukutithandiza. Mukathira mkaka sakanizani mongosonkhanitsa, masekondi 30 akwana. Phwatalitsani ndi manja kuti uchindikale masentimita 2 ndi theka, dulani ndi kapu molunjika pansi osapotokola, chifukwa kupotokola kumamata m'mbali sikono n'kukwera mopendama.

Ofuna kutchipitsa atha kuchotsa kapu imodzi ya ufa wa tirigu n'kuikapo mbatata yophika yokanya, makamaka yofiira mkati ija. Imabwera ndi shuga wake ndi madzi ake, ndiye chepetsani zonse ziwiri. Mukapitirira pamenepo gluten achepa kwambiri, mpweya usowa chougwira, ndipo chimene mutaphule ndi chigumu. Chigumu n'chokoma, koma si chimene tinapangana.

Uvuni ya poto

Nyumba zambiri zilibe uvuni ya magetsi, ndipo zimene zili nayo zimadziwa kuti magetsi sapangana ndi njala. Poto wamkulu pa mbaula amagwira ntchito yomweyo ngati mwamvetsa njira zitatu zimene kutentha kumayendera.

Mukaika masikono pansi penipeni pa poto, apserera kunsi mkati muli mwamuwisi. Aluminium amadutsitsa kutentha mofulumira kwambiri: thermal conductivity yake imaposa 200 W/mK. Ya mchenga wouma ili cha m'ma 0.3, ya mpweya ndi 0.026 yokha. Ndiye thirani mchenga wouma wochindikala masentimita 2 kapena 3 pansi pa poto, muike timiyala titatu touma, pamwamba pake mbale yachitsulo ya masikono. Mwadula conduction yachindunji. Mchengawo ulinso ndi ntchito yachiwiri. Specific heat capacity yake ndi pafupifupi 800 J/kg°C. Makilogalamu 2 a mchenga kuwakweza kuchoka pa 20°C kufika pa 200°C pafunika 2 × 800 × 180, amene ndi ma joule 288,000. Mphamvu imeneyi imakhala ngati nkhokwe: moto ukatsika pang'ono kapena mphepo ikaomba, mchenga umabwezera. Mpweya wonse wa mu poto sulemera ndi magalamu 10 omwe, sungasunge kanthu.

Ndanena kuti wouma. Mchenga wongotapa kumene ku mtsinje wa Mzimba uli ndi madzi, ndipo kilogalamu imodzi ya madzi imameza ma joule 2,260,000 kuti isanduke nthunzi. Makala anu athera kuumitsa mchenga. Uyanikeni padzuwa dzulo lake.

Convection imagwira kuchokera pansi: mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera, wozizira n'kutsika. Tsono funso limene ndimakonda kufunsa m'kalasi ndi ili. Amayi akamaphika chigumu amaika makala pamwamba pa chivundikiro. Ngati mpweya wotentha umakwera, makala apamwambawo akutenthetsa chiyani, mitambo? Mbali ina inde, imatayika. Koma makalawo amatenthetsa chitsulo cha chivundikiro mwa conduction, chitsulocho n'kumawalitsa kutentha pansi mwa radiation, imene ilibe nazo ntchito zoti uku n'kumwamba uku n'kunsi. Radiation imakwera ndi temperature ya kelvin to the power 4, ndiye chivundikiro chikatentherako pang'ono, mphamvu yofika pa masikono imakwera kwambiri. Chinthu chakuda chosanyezimira chimatulutsa ndi kulandira radiation bwino kuposa chonyezimira, choncho chivundikiro chakale chodetsedwa ndi moto chimaposa chatsopano. Makala ambiri apite pamwamba, pansi patsale ochepa. Musavundikire ndi lata latsopano kapena chitini chopaka penti, ndipo chitini chimene munali mankhwala a m'munda chisayandikire n'komwe.

Tenthetsani poto wovundikira kwa mphindi 10 musanaike kanthu. Tikufuna cha m'ma 200°C kufika 220°C. Thermometer palibe, ndiye wazani ufa pang'ono pa mbale: ukafiira pa mphindi imodzi kapena ziwiri, zili bwino. Ukada nthawi yomweyo, phulaniko makala. Chimene chikuchitika mkatimo ndi mpikisano. Mpweya uyenera kukula makoma a timathovu asanaume, ndipo makomawo, sitachi ndi puloteni, amayamba kulimba kuyambira cha m'ma 60°C kupita m'mwamba. Moto ukachepa majarini amasungunuka n'kuyenderera, mpweya n'kuthawa, sikono n'kuphwatalala. Moto ukachuluka khungu limauma mkati musanakwere. Mphindi 10 zoyamba musavundukule, ngakhale fungo likuyitaneni bwanji. Pakati pa mphindi 15 ndi 20 amakhala apsa. Gogodani kunsi kwa imodzi, imveke ngati kang'oma.

Mwina mwadabwa kuti poto ali pa 200°C koma ndati mkati mwa sikono ndi 95°C. Bola muli madzi, temperature siingapitirire boiling point. Kutentha kowonjezera kumangopita ku latent heat. Khungu lokha ndi limene limauma n'kukwera kupitirira 140°C, pamene shuga ndi mapuloteni amagwirizana kupanga mtundu wofiirira ndi fungo lija. Reaction imeneyi anaifotokoza ndi Louis Camille Maillard wa ku France mu 1912. Kupaka mkaka pamwamba kumaonjezera shuga ndi puloteni pakhungu, n'chifukwa chake amafiira mokongola.

Pali chinthu chimodzi chimene sindichita nacho nthabwala. Kukazizira, mtima umafuna kulowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko. Makala oyaka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa carbon monoxide, yemwe alibe fungo kapena mtundu, ndipo amagwira haemoglobin mwamphamvu kuposa oxygen ka 200 ndi kupitirira. Munthu amayamba ndi mutu, chizungulire, tulo, ndipo ena sadzukanso. Phikirani pakhonde kapena m'khitchini yotsegula mawindo. Wina akayamba kumva mutu, zimitsani, mutulutseni panja, ndipo akafooka thamangirani naye kuchipatala. Za makalawonso, amene mwadutsapo ku Perekezi mwaona zitsa. Njira yabwino n'kuphika masikono madzulo pa makala otsala nsima ikapsa, kapena kuonjezera zitsononkho, m'mawa n'kungowatenthetsa.

Ntchito ya Loweruka ndi iyi. Gawani ufa wanu wokanda pawiri. Gawo loyamba dulani nthawi yomweyo, lachiwiri likandeni kwa mphindi 5 ngati buledi. Kuchindikala kukhale kofanana, kapu yodulira yomweyo, poto yemweyo, nthawi imodzi. Yezani msinkhu wa sikono iliyonse ndi rula isanalowe ndi itatuluka, mulembe mu tebulo. Mutchule variable imene mwasintha, imene mwayeza, ndi zitatu zimene mwasunga mofanana. A Fomu 4 muonjezere ili: kathovu kali ndi volume ya 2.0 mm³ pa 20°C ndi 101 kPa. Pezani volume yake pa 95°C ndi 86 kPa. Muonetse njira yonse, ndipo gawo lokandidwa lija musataye, limatsika ndi tiyi ndithu.