Kugwetsa bulugamu pachitunda popanda ngozi

Kuno ku Chisepo, nyengo yomanga zigafa ikafika, mabulugamu amagwa ambiri, ndipo ena amagwera pomwe mwini nkhwangwa sanafune.

Dziwani kaye mmene mtengo umagwera. Tsinde limatsala pachitsa, nsonga ndiyo imazungulira, monga chitseko pa mahinjesi ake. Poyamba umapendekeka pang'onopang'ono chifukwa kulemera kwake kukadali pamwamba pa chitsa. Ukamapendekeka, kulemerako kumatalikirana ndi chitsa, liwiro nkumakula. Apa mpomwe anthu amanamizika, nkumati nthawi ilipo. Mtengo wowongoka wa mamita 20, tikapatula mphepo yogwira masamba, nsonga yake imafika pansi pa liwiro loposa makilomita 80 pa ola, kuposa mwala wogwa kuchokera pamwamba pomwepo.

Musanateme, uzungulireni mtengowo. Onani kumene wapendekera, kumene kwalemera nthambi, ndi kumene mphepo ikupita. Mwera ukakula, dikirani tsiku lina. Ana, mbuzi ndi ngolo zikhale patali kawiri kutalika kwa mtengowo, makamaka kumunsi kwa chitunda, poti chipika chimagubuduka.

Lambulani njira yothawira kumbuyo, chammbali.

Tsopano temani mpata kumbali yomwe mukufuna ugwere. Mpatawo uzame gawo limodzi mwa magawo anayi a kunenepa kwa tsinde, ndipo ukhale wotseguka bwino. Kenako pitani kumbuyo, mucheke mokwererapo pang'ono, koma osapyoza. Siyani pakati kachigawo kosadula, pafupifupi gawo limodzi mwa 10. Kameneka ndiko kamagwira mtengo ndi kuuwongolera pozungulira. Ine ndimati luso lonse lagona pamenepa: mukakadula, tsinde limatsetsereka kapena kudumphira kumbuyo, komwe mwaima inuyo.

Ngati mukoka ndi chingwe, mangani mmwamba. Kutali ndi chitsa mphamvu yochepa imapendeketsa mtengo waukulu. Okokawo aime patali pomwe nsonga singafike.

Ukangoyamba kulira phwaa, siyani kutema, fuulani, chokani maso ali kunthambi. Ukakodwa pa unzake, musalowe pansi pake.

Zonsezi nza mitengo yodzala nokha. Ya m'nkhalango yotetezedwa, monga ya Ntchisi, imafuna chilolezo malinga ndi lamulo la zankhalango la 1997. Ndipo chitsa cha bulugamu musachiotche, chimaphukiranso.