KALATA YA MANKHWALA YA PA KOMPYUTA: KODI LAMULO LIKUTI BWANJI?

M'zipatala zambiri za boma madotolo tsopano alemba matenda ndi mankhwala a odwala pa kompyuta, mwa njira yochedwa SmartCare. Mabanja a ku Nyampande, Petauke ndi Nyimba ayenera kudziwa mfundo izi.

Coyamba: wolemba mankhwala, kaya pa pepala kaya pa kompyuta, ayenera kukhala ndi cilolezo. Madotolo alembetsa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia.

Caciwiri: lamulo la mu 2013, limene linakhazikitsa bungwe la ZAMRA, liletsa kugulitsa mankhwala ena popanda kalata ya dotolo. Makapisozi a amoxicillin ali m'gulu limeneli. Kuwagula pa msika kapena pa kantemba ndi kuika moyo pa ciswe.

Cacitatu: lamulo la mu 2021 livomereza kusaina kwa pa kompyuta.

Cacinai: lamulo lina la caka comweco, la Data Protection Act, liteteza cinsinsi ca wodwala. Matenda ake sayenera kuululidwa mwacisawawa kwa anansi kapena kwa abwana ake ku nchito.

Popeza kalatayo siikhala m'manja mwake, wodwala asacoke pa windo la mankhwala asanafunse dzina la mankhwalawo, kamwedwe kake ndi masiku omwera. Kufunsa ndi kudziwa njira.