Maluwa omasula usiku ndi chofunda cha zigamba

 Lero, kuno ku chilumba cha Likoma, tikamba za ntchito ziwiri zapakhomo zomwe munthu mmodzi atha kuzigwira popanda ina kupondereza inzake: kusamala kadimba ka maluwa omasula usiku, ndi kusoka chofunda cha zigamba. Amayi senderani pafupi. Abambo musachokepo, pakuti dzenje ndi mpanda zikudikira inu, ndipo singano siifunsa kuti wayigwira ndani.

Wina akamva zoti maluwa ausiku, maganizo amathamangira ku Blantyre kapena ku Mzuzu, kuti mwina mbewu yake ibwera pa sitima ya Ilala. Musavutike. Duwa lalikulu lausiku tili nalo kale, ndipo mwezi uno wa Novembala ndiye nyengo yake. Madzulo ano, asodzi akamakonza nyali zopita nazo ku usipa, kaimeni pansi pa mlambe uliwonse. Muona timipira tobiriwira tolendewera ku timichira tatitali. Dzuwa likangolowa kampirako kamang'ambika, ola lisanathe duwa loyera mbee, lalikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, latambasuka kale. Fungo lake si la perefyumu, ena amachita kutseka mphuno, koma mileme ndiye imalifuna. Imabwera kudzanyambita timadzi ta m'duwamo, mungu n'kumatirira pa ubweya wake, n'kupita nawo ku mlambe wina. Mawa lake duwa lija lafota, lagwa. Malambe amene ana athu adzatole mvula ikatha amayambira pa usiku umodzi umenewu. Choncho mnyamata amene akugenda mileme ndi legeni mumuuze kuti akugenda malambe a chaka chamawa. Mvunguti nawo umachita chimodzimodzi, kungoti duwa lake ndi lofiira moderapo.

Mlambe sitingaudzale lero n'kuona duwa lake msanga, umatenga zaka zambiri. Chimene mungadzale ndi mvula yoyamba n'kuona maluwa miyezi iwiri ikamatha ndi mphonda. Inde, mphonda yomweyi ya zikho ndi zipanda. Maungu amamasula m'mawa maluwa achikasu, pomwe mphonda imadikira kachisisira, maluwa ake ndi oyera, ndipo kukacha dzuwa likakwera amakhala atafota. Ine ndimati munthu woyamba dimba lausiku ayambire pamenepa, chifukwa maso akondwa, mphika nawo upindula.

Kadzalidwe kake nkotere. Dothi lathu mukulidziwa, ndi mchenga ndi miyala, madzi sakhalitsa. Kumbani dzenje lakuya kuyambira kuchala mpaka pachigongono, mulifupi chimodzimodzi. Chotsani miyala. Dothi lapamwamba lisakanizeni ndi ndowa imodzi ya manyowa a mbuzi owolerana bwino. Aawisi amawotcha mizu. Ngati muli ndi mamba ndi matumbo a nsomba, ziikeni pansi penipeni pa dzenje ndi kukwirira kwambiri, apo ayi agalu adzakufukulirani dimba lonse usiku umodzi. Njere za mphonda zili ndi khungu lolimba, ndiye zinyikeni m'madzi usiku wonse. Dzalani zitatu pa phando, zikamera musiye ziwiri zamphamvu. Mapando atalikirane mamita 2. Ndipo musaisiye kuti iyange pansi. Ikwezeni pa mpanda kapena pa kansanja pafupi ndi khonde, pamene mumakhala madzulo. Duwa lausiku lodzalidwa kuseri kwa khola adzaliona ndani?

Apa mvetsetsani bwino, chifukwa ndi pomwe ambiri amadandaula kuti mphonda yangochita maluwa osabereka. Chomera chimodzi chimakhala ndi maluwa aamuna ndi aakazi. Aamuna ndiwo amayamba kutuluka, ali pa kamtengo katali kowonda. Lalikazi limabwera pambuyo, ndipo kuseri kwake kumakhala kamphonda kakang'ono, kaubweya, kosaposa chala chachikulu. Onyamula mungu ndi agulugufe akuluakulu ausiku aja, amilomo yaitali, amene amaima m'malere pamaso pa duwa mapiko akunjenjemera. Akasowa, kamphonda kaja kamachita chikasu n'kuthothoka. Mukaona zotero, gwirani ntchitoyo nokha. Cha m'ma 6 koloko madzulo thyolani duwa lalimuna longomasula kumene, yoyolani mapiko ake oyera, mutsale ndi kamutu ka pakati. Mukakagwira, chala chimatuwa ndi ufa. Kakhudzitseni pang'onopang'ono pakati pa duwa lalikazi. Masiku owerengeka muona kamphonda kakutupa.

Zinthu ziwiri zimathamangitsa agulugufe amenewa. Choyamba ndi kupopera mankhwala madzulo. Nsabwe za m'masamba zikavuta, sinjani masamba a nimu, anyikeni usiku, musefe ndi kuwaza m'mawa maluwa atatseka. Chachiwiri ndi babu lapanja. Chiyambireni pamene EGENCO inatiikira magetsi oyendera dzuwa, makomo ambiri amawala usiku wonse. N'zabwino, koma gulugufe akaona babu amazungulira pamenepo mpaka kutopa, duwa osalipeza. Zimitsani la mbali ya dimba maola oyamba a usiku. Masiku a nkhungu, tizilombo touluka ta m'nyanja tija, mudzandithokoza kawiri.

Chenjezo pa mphonda: yanthete mukafuna kuphika, dulani kachidutswa mulawe. Ikawawa, musaphike, kuwawako ndi poizoni ndipo sikutha ndi moto. Isiyeni ikhwime mudzasemere chikho.

Papaya naye ali m'gulu lomweli. Mtengo waumuna, uja wa timaluwa tambiri tolendewera, umanunkhira kwambiri kukada, ndipo agulugufe omwewa ndiwo amatenga mungu wake kupita nawo ku mitengo yaikazi. Anthu amaudula ati ndi waulesi. Siyaniko umodzi pa mitengo yaikazi pafupifupi khumi.

Za maluwa ongokongoletsa ndinenepo atatu. Pali lija limamasula cha m'ma 4 koloko madzulo, lofiirira, lachikasu kapena loyera, nthawi zina mitundu iwiri pa duwa limodzi, njere zake zakuda zokwinyika. Akatswiri amalitcha Mirabilis jalapa, kwawo ndi ku America. Pachilumba pano n'loyenera, chifukwa lili ndi chitsinde chonenepa pansi: chilimwe limauma, mvula ikagwa laphukanso. Pali Ipomoea alba, mbale wake wa mbatata, woyanga, duwa lake loyera lotambalala limamasula inu mukuona. Njere yake ikandeni pang'ono pa mwala musanainyike. Koma limeneli muziliyang'anira; ku South Africa analiika pa mndandanda wa zomera zowononga chifukwa likalowa m'tchire limaphimba chilichonse, ndipo chilumba chathu ndi masikweya kilomita 18 okha. Thyolani zipatso zake zisanaume. Njere za maluwa awiriwa si zakudya, ana muwauze. Lachitatu ndikulitchula kuti mulizule: kachitsamba komera pa dzala ndi m'mbali mwa makola, duwa lake loyera lalitali lomasula madzulo, chipatso chake chaminga chodzaza njere zakuda. Ndi Datura ameneyo. Tsamba, duwa, njere, zonse ndi poizoni kwa munthu ndi chiweto.

Mbuzi sitichita kukambirana. Mpanda uyambe, mbewu ibwere pambuyo. Kuthirira m'nyengo yopanda mvula kuzikhala m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, patsinde, osati pamasamba. Ndowa yochokera kunyanja ndi yolemera, isapite pachabe: phimbirani pansi ndi masamba a mango kapena udzu, koma osagunda tsinde kuopa chiswe. Mtsuko wakale wong'aluka pang'ono muukwirire pafupi ndi phando mpaka m'khosi, muzithiramo madzi ndi kuvundikira, mizu izimwa pang'onopang'ono.

Tsono dimba lotere limakufunani m'mawa ndi madzulo basi. Masana ndi a singano, ndipo kusoka zigamba kumafuna kuwala kwa dzuwa, chifukwa pa nyali mitundu ya nsalu imanama. Miyezi ya mvula, pamene mumakhala pakhonde kudikira kuti ikate, ndiyo yosokera, kuti mwera ukamayamba kuomba mu Meyi ndi Juni, mwana akhale ndi chofunda.

Pasapezeke wonyoza kuti zigamba ndi umphawi. Ku India kuli anthu otchedwa Siddi, amene makolo awo anachokera kuno ku Africa, ena anatengedwa ukapolo ndi Apwitikizi. Amayi awo amasoka zofunda zotchedwa kawandi ndi zovala zakutha. Ku Gee's Bend, m'chigawo cha Alabama ku America, amayi akuda ankasoka zofunda ndi mathalauzi akale ogwirira ntchito kumunda, ndipo mu 2002 zofunda zawo zinaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu zachionetsero ku Houston ndi ku New York. Kuno komwe, malo a Katundu, amene anayamba mu 2006, aonetsa kuti ntchito ya manja ya amayi a pa Likoma imagulidwa ndi anthu akutali.

Yambani ndi kusonkhanitsa: zidutswa zotsala kwa telala, zitenje zakutha pakati koma zolimba m'mbali, malaya asukulu amene ana akula nawo. Musasakanize nsalu yothina ndi yotamuka ngati ya juzi, msoko umakwinyika. Chapani zonse musanadule, zofiira ndi zabuluu pazokha. Chitenje chatsopano chimasuluka komanso chimafupika. Mukachisoka chosachapa, tsiku lochapa chofunda chonse chidzapindika ndipo zoyera zidzasanduka zofiirira. Zikauma, sitani.

Dulani katoni wa makona anayi, masentimita 17 mbali zonse. Ameneyu ndiye muyezo wanu, musamuyerekeze ndi maso. Muikeni kuseri kwa nsalu motsata ulusi wake, osati mopingasa, lembani ndi choko kapena kachidutswa ka sopo wouma, dulani. Msoko udya sentimita imodzi mbali iliyonse, chigamba chitsala masentimita 15. Chofunda cha munthu mmodzi, cha masentimita 150 mulifupi ndi 195 mulitali, chimafuna mizere 13 ya zigamba 10, zonse pamodzi 130. Zikamveka zambiri, yambani ndi ka mwana wakhanda ka zigamba 6 m'mizere 8.

Musanabaye singano, yalani zigamba zonse pamkeka, mubwerere m'mbuyo mapazi angapo, muyang'ane. Apa ndiye pamaoneka mmisiri. Zitenje zathu n'zaphokoso, chilichonse chimafuna kuoneka chokha, ndipo mukazigundanitsa popanda chozilekanitsa maso amatopa. Lamulungu mukapita ku tchalitchi cha St Peter's ku Chipyela, chija anayamba kumanga mu 1903, yang'anani mawindo a magalasi amitundumitundu: kagalasi kalikonse kazingidwa ndi mzere wakuda, ndipo mzerewo ndiwo umachititsa kuti kufiira kufiire, kubiriwira kubiriwire. Inunso pakati pa zigamba zamaluwamaluwa ikanipo chopanda maluwa, chakuda kapena chabuluu woderapo.

Lumikizani ziwiriziwiri, kumaso kuyang'anizana, kenaka mzere wathunthu, kenaka mzere ndi mzere. Pamanja, sokani msoko wobwerera m'mbuyo kuti ulimbe. Pamakina, ingosamalani kuti sentimita ija isasinthe. Misoko ya mzere woyamba isitireni kumanja, ya wachiwiri kumanzere, kuti pokumana makona pasatupe.

Chofunda chenicheni chili ndi magawo atatu: zigamba pamwamba, bulangete lakale lochapa pakati, nsalu imodzi yaikulu pansi, kaya zitenje ziwiri zolumikiza. Yalani pamalo osalala, kokani makwinya onse, gwirizani magawowa ndi misoko italiitali yodzasolola pambuyo. Kenaka sokani timisoko tating'ono tobowola magawo onse atatu, kuyambira pakati kupita kumphepete. Mukayambira m'mbali, makwinya amakasonkhana pakati ndipo alibe kothawira. Mizere ya misoko isatalikirane kuposa chikhatho, apo ayi bulangete lidzaunjikana mbali imodzi mukachapa. Pomaliza pindirani nsalu yapansi pamwamba kawiri, musokere kuzungulira. Ntchito ya gawo lino ndi yotopetsa munthu mmodzi. Amayi a Mothers' Union kapena a banki m'khonde mutha kuzungulira chofunda chimodzi anayi, sabata ino cha uyu, yamawa cha uyo.

Timizere totsala musataye. Kansalu ka thonje ndi kabwino pomangira mphonda ku nsanja kuposa waya kapena ulusi wa ukonde, umene umacheka tsinde mphepo ikamaomba. Mangani momasuka, chala chizilowa. Mphonda ikalemera, ipangireni kathumba ka chitenje kolendewera kunsanja kuti isathothoke.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi: abambo, mpanda ndi maenje zithe mvula isanagwe. Amayi, mukapita ku Mbamba kapempheni zidutswa kwa telala wanu asanazitenthe, ndipo funsani agogo a pafupi nanu njere za mphonda, ambiri amasunga.