Malangizo: Fodya Paulendo

Lero tikambe za fodya paulendo.

Kuyambira 2008, lamulo la Zambia limaletsa kusuta pamalo opezeka anthu ambiri. Choncho m'minibasi kapena mumsika wa Chisokone ku Kitwe, ndudu ikhale m'thumba.

Mukafika kunyumba yogona alendo, funsani komwe amalola kusuta. Osasutira pabedi, chifukwa tulo tikakubani, matilesi sachedwa kugwira moto.

Inu okwera ndege pabwalo la Simon Mwansa Kapwepwe ku Ndola, fodya wamagetsi uja, vape, musamulongedze m'chikwama chopita kumalo a katundu. Batire lake litha kuyaka. Khalani naye pafupi, koma osamukoka m'ndege, ngakhale kuchimbudzi, poti muli kachipangizo kozindikira utsi.

Muyende bwino!