Mayina a nyimbo akuoneka, koma sizikulira: tsiku limene tinasamutsa nyimbo za DJ

Lachitatu madzulo achimwene anga anafika kunyumba kwanga pa boma la Ntcheu atanyamula malaputopu awiri m'chikwama cha kusukulu cha mwana wawo. Iwowa ndi DJ. Amaimbitsa nyimbo pa zinkhoswe ndi maukwati kuyambira ku Kampepuza mpaka ku Lizulu, nthawi zina amatsetsereka mpaka ku Sharpevale. Loweruka la sabata yomweyo anali ndi chinkhoswe ku Nsipe, ndipo ndalama ya adivansi anali atalandira kale, kudyanso kale.

"Aphunzitsi, tandithandizani. Nyimbo ndasamutsa zonse, koma makina atsopanowa akukana."

Masiku onse amanditchula kuti iwe. Akangoyamba za aphunzitsi ndimadziwiratu kuti zavuta.

Laputopu yakaleyo inali itatopa zedi. Batire linafa kalekale, moti magetsi akangothima nayonso imathima pompo, ndipo mkati mwake munkamveka kaphokoso kakuti tiki, tiki. Yatsopanoyo anawatumizira alamu awo a ku Joni. Titatsegula pulogalamu imene amaimbira, ya VirtualDJ, zonse zinkaoneka bwinobwino: mndandanda wa nyimbo zolowera, wa perekaniperekani, wa makwaya, wa Lucius Banda ndi Alleluya Band, wa amapiano wa anyamata. Koma ukasankha nyimbo kuti ilire, zii.

Ndinawafunsa kuti kusamutsako kunatenga nthawi yaitali bwanji. Anati sikunakwane n'komwe mphindi imodzi, ndipo anayankha monyadira, poganiza kuti ndi umboni wakuti laputopu ya ku Joni ndi yamphamvu. Apa mpamene ndinadziwa vuto loyamba, ndipo inunso mukhoza kulidziwa ndi masamu a Fomu 1 basi.

Kompyuta imasunga chilichonse ngati manambala awiri okha, 0 ndi 1. Kanambala kamodzi kotere ndi biti, ndipo mabiti 8 amapanga bayiti imodzi. Pojambula mawu a pa CD, makina amayeza mafunde a mawuwo ka 44,100 pa sekondi iliyonse. Muyeso uliwonse umatenga mabiti 16, ndipo amayeza mbali ziwiri, ya sipika ya kumanzere ndi ya kumanja. Chulukitsani 44,100 ndi 16 ndi 2, mupeza mabiti 1,411,200 pa sekondi. Gawani ndi 8, kenako chulukitsani ndi 60: mphindi imodzi ya nyimbo ikudya mamegabayiti oposa 10. Zikanakhala choncho mpaka lero, memori khadi ya mufoni mwanu bwenzi ikudzaza msanga kwambiri.

Chimene chinatipulumutsa ndi MP3, njira imene mbali yake yaikulu inakonzedwa ndi akatswiri a ku Fraunhofer Institute ku Germany, ndipo inakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nzeru yake yagona pa khutu la munthu. Ng'oma ikagunda mwamphamvu, kamawu kakang'ono kamene kalira nthawi yomweyo khutu silikamva. MP3 imataya tizigawo totere, n'kusunga zimene khutu lingamvedi. Pa mlingo wa 128 kbps, kutanthauza mabiti 128,000 pa sekondi, mphindi imodzi imatenga pafupifupi megabayiti imodzi yokha. Pa 320 kbps imatenga mamegabayiti 2.4. Zotayidwazo sizibwereranso, n'chifukwa chake nyimbo yofinyidwa kwambiri imamveka bwino pa foni koma pa masipika akuluakulu a pa ukwati imamveka ngati ikuimbidwira m'chitini.

Tsono achimwene ali ndi nyimbo zoposa 21,000, kuphatikizapo mavidiyo. Ngakhale titati nyimbo iliyonse ndi mamegabayiti 4 okha, zikukwana magigabayiti 84. Foda imene iwo anakopera inali ya mamegabayiti osakwana 100. Mbatata za galimoto yonse ya ku Tsangano sizingalowe m'jumbo.

Nanga anakopera chiyani? Mnzawo wina anawauza kuti laibulale yonse imakhala mu foda yolembedwa VirtualDJ, imene pa laputopu yawo yakale inali mu Documents. Mnzawoyo sananame kwenikweni, koma mawu akuti laibulale ndi amene amasokoneza. Mu fodayo mulibe nyimbo ngakhale imodzi. Muli kaundula. Taganizani za rejisitala ya m'kalasi mwanu: muli dzina la wophunzira aliyense, zaka zake, masiku amene anajomba. Mutaitenga rejisitalayo n'kupita nayo kusukulu ina, mayina onse afika, koma mukaitana dzina palibe amene ayankhe kuti ndilipo. Ophunzirawo atsala kusukulu yakale. Ndi zimene zinachitika: achimwene anasamutsa rejisitala, ana n'kuwasiya.

Musaganize kuti kaundulayo ndi wachabe. Kwa DJ ndi chuma chofanana ndi nyimbo zenizenizo. Mumalembedwa liwiro la nyimbo iliyonse, limene amaliyeza ndi BPM, kutanthauza kugunda kungati pa mphindi, kuti posakaniza nyimbo ziwiri ovina asapunthwe. Mumalembedwanso ma cue point, zizindikiro zimene DJ amaika pamalo enieni pamene akufuna nyimbo iyambire. Amene munapitako ku chinkhoswe mukudziwa nthawi ija amabweretsa atsikana ofunditsidwa nsalu mmodzimmodzi kuti mnyamata aloze wake. Mwini wakeyo akamatulukira, nyimbo imayenera kugwera pa kolasi pomwepo, osati kuyamba ndi malimba a masekondi 40 anthu atangoima. Zizindikiro zimenezi achimwene akhala akuziika kwa zaka zisanu ndi zinayi. Ndiye zofunika kusamutsa ndi ziwiri, nyimbo ndi kaundula wake.

Tinayamba ndi fulashi ya magigabayiti 32, poganiza zosamutsa pang'onopang'ono. Inakana vidiyo imodzi ya ukwati ya magigabayiti 6, chonsecho inali yopanda kanthu. Chifukwa chake n'chakuti mafulashi ambiri amabwera ndi dongosolo losungira mafayilo lotchedwa FAT32, limene silingasunge fayilo imodzi yoposa magigabayiti 4, kaya malo atsala ochuluka bwanji. Madongosolo a exFAT ndi NTFS alibe vuto limeneli. Mukhoza kuisintha fulashi poichita Format, koma dziwani kuti Format imafufuta zonse zili momwemo.

Mawa lake ndinabwereka hadi disiki ya kunja ya magigabayiti 500. Titailumikiza, Windows inaonetsa 465, achimwene n'kuyamba kudandaula kuti mwini wake anaberedwa. Sanaberedwe. Opanga madisiki amawerenga gigabayiti ngati mabayiti 1,000,000,000, pamene Windows imawerenga motsata 1,024 kuchulukitsa ndi 1,024 ndi 1,024, zimene zimakwana 1,073,741,824. Gawani 500,000,000,000 ndi nambala imeneyi muone. Chimanga n'chomwecho, zasiyana ndi ndowa zoyezera.

Katundu yense anali magigabayiti 180. Laputopu yakaleyo ili ndi mabowo a USB 2.0 okha, amene pa pepala liwiro lake ndi mamegabiti 480 pa sekondi. Onetsetsani, mamegabiti, osati mamegabayiti. Ambiri amagwa pamenepa pa mayeso. Gawani ndi 8 mupeza mamegabayiti 60 pa sekondi, ndiye kuti 180,000 kugawa ndi 60, masekondi 3,000, mphindi 50. Zimenezo ndi za pa pepala. Kunja kuno USB 2.0 imayenda cha m'ma 30, ndipo timafayilo tambirimbiri timachedwa kuposa fayilo imodzi yaikulu, chifukwa kalikonse kompyuta imayenera kukatsegula, kukalemba, kukatseka. Ife zinatitengera maola atatu ndi theka. Ku laputopu yatsopano, imene ili ndi bowo la buluu la USB 3.0, zinathamanga kwambiri.

Pa chinthu chimodzi ndinakana kugonja. Achimwene ankafuna Cut, akuti kuti ntchito ithe kamodzi. Ine ndinati Copy basi. Cut imafufuta fayilo kumene yachokera ikangofika kumene ikupita, ndiye magetsi akathima pakati, pa laputopu yopanda batire ngati imeneyi, mumatsala ndi nyimbo zina uku zina uko, osadziwa kuti zadukira pati. Copy imasiya zakale zili chikhalire. Ndipo magetsi anathimadi, titatha ola limodzi ndi theka. Atayaka tinangopitiriza, n'kuiuza kompyuta kuti idumphe zimene zafika kale, kupatula fayilo imene inadukira pakati ija.

Lachinayi usiku nyimbo zinali mu laputopu yatsopano, kaundula alimonso. Tinatsegula pulogalamu, kusankha nyimbo. Zii.

Achimwene anandiyang'ana osanena kanthu. Ndivomere kuti nanenso thukuta linandituluka pang'ono.

Ili ndiye phunziro lenileni la nkhani ino. Kaundula salemba dzina la nyimbo lokha, amalembanso keyala yake, ndipo pulogalamu imapeza nyimbo potsata keyalayo, osati dzina. Mukamalembetsa zinthu za boma amakufunsani boma lanu, mfumu yaikulu, gulupu, kenako mudzi. Fayilo nayonso ili ndi zotere. Pa laputopu yakale keyala ya nyimbo ina inali C:\Users\HP\Music\Chinkhoswe\kulowa.mp3. Chilembo C ndi disiki, Users ndi foda ya anthu ogwiritsa ntchito kompyutayo, HP ndi dzina limene wogulitsa anapatsa mwini kompyuta, kenako mafoda ang'onoang'ono mpaka kufika pa nyimbo. Pa laputopu ya ku Joni mwini wake analembedwa kuti Admin. Choncho nyimbo yomweyo tsopano inali pa C:\Users\Admin\Music\Chinkhoswe\kulowa.mp3. Liwu limodzi lokha lasintha. Munthu wotumidwa kalata akapeza kuti mwini wake anasamuka amafunsa oyandikana nawo, koma pulogalamuyi inangogogoda pa keyala yakale, n'kupeza kuti mudzi wa HP kulibe.

Kukonza kwake kunali kosavuta mochititsa manyazi. Kaundulayo ndi fayilo yotchedwa database.xml, ndipo ndi mawu wamba amene mungawerenge mu Notepad. Tinatseka kaye pulogalamu, chifukwa ikakhala yotsegula imatha kulembanso fayiloyo n'kufufuta zimene mwasintha. Tinasunga kope lina pambali kuti tikalakwitsa tibwerere. Kenako ndi Replace tinauza kompyuta kuti paliponse palembedwa \Users\HP\ ilembepo \Users\Admin\. Onani kuti sitinasinthe HP yekha, tinaphatikiza ndi timizere ta m'mbali, kuopa kuti zilembo ziwirizi zingapezekenso m'dzina la nyimbo ina n'kuiononga. Mafayilo a mindandanda ya nyimbo nawonso tinawachita chimodzimodzi. Titatsegulanso, nyimbo yolowera inalira, n'kuyambira pa kolasi penipeni. Mwana wa achimwene, amene anali atagona pa mpando, anadzuka n'kufunsa ngati kwacha.

Chinatsala n'kuwerenga. Kompyuta ikanena kuti yamaliza musangoikhulupirira. Dinani foda ndi batani la kumanja, sankhani Properties, muone chiwerengero cha mafayilo mbali zonse ziwiri. Ku laputopu yakale kunali 21,406. Ku yatsopano 21,369. Mafayilo 37 sanafike. Pokopera paja kompyuta inadandaulapo kangapo kuti ikulephera kuwerenga fayilo, ife n'kumangodina Skip chifukwa cha tulo.

Apa mpamene kaphokoso ka tiki, tiki kaja kanatanthauzika. Mu hadi disiki ya mtundu wakale muli mbale yozungulira, m'malaputopu ambiri ka 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake pa mpata wochepa kwambiri kuposa tsitsi la munthu. Manambala a 0 ndi 1 aja amasungidwa ngati timadontho ta maginito pa mbaleyo. Laputopu ikagwedezeka mwamphamvu mbale ikuzungulira, kamkonoko kakhoza kukhudza mbale n'kuononga malowo. Tsono taganizani laputopu imene kwa zaka zambiri yakhala pa tebulo limodzi ndi sipika ya besi, kenako n'kumangoipinda isanazime bwino, kuikweza pa njinga yamoto m'misewu ya fumbi. Yatsopanoyi ili ndi SSD, imene imasunga manambalawo m'timachipi popanda chozungulira chilichonse, ndiye kugwedezeka siiopa kwenikweni. Koma nayonso imafa, ndipo nthawi zambiri imafa mosachenjeza, popanda kaphokoso.

Mwa mafayilo 37 aja, 31 tinawapulumutsa Lachisanu powakopera limodzilimodzi, ena kuyesa kanayi. Asanu anali nyimbo zodziwika zimene achimwene anakazitenganso kwa anzawo. Imodzi sinatheke, ndipo ndi imene inawapweteka. Inali ingoma imene anajambula okha ndi foni pa mwambo wina kumudzi kwathu, wotsogolera nyimbo ali agogo ena amene pano anatisiya. Pa intaneti palibe, kwa obena nyimbo pa boma kulibe. Inali pamalo amodzi okha padziko lonse, ndipo malowo ndi amene anakalika. Masekondi 52 oyambirira amalira, kenako imaima.

Chinkhoswe cha ku Nsipe chinayenda bwino, ndipo Lolemba achimwene anakagula hadi disiki yawoyawo ndi ndalama yotsalayo. Imeneyo imakhala kwanga kuno, siipita ku zinkhoswe, ndipo amabwera nayo laputopu kumapeto kwa mwezi uliwonse kudzakopera zatsopano. Laputopu yakale sitinafufutemo kalikonse. Ili m'kabati, mwina tsiku lina tidzapeza wodziwa kukumba madisiki owonongeka.

Kantchito kanu sabata ino: mukalowa mu labu ya makompyuta, kapena pa foni ya kunyumba, pezani nyimbo imodzi, mulembe keyala yake yonse ndi kukula kwake m'mamegabayiti, komanso kutalika kwake m'masekondi. Kuchokera pa manambala awiriwo, werengerani kuti inafinyidwa pa ma kbps angati. Kumbukirani 8 uja.