Za Must ndi May, ndi Kalata Imene Inandichititsa Manyazi

Anzanga, ndifuna kukamba nanu za timau tina ta Chingerezi timene tioneka tating'ono m'buku, koma tikhoza kumpalamulitsa munthu mlandu. Timau take ndi iti: must, should, ought to, may, might, can ndi could. Aphunzitsi athu amatitchula kuti modal verbs. Nchito yake ndiyo kutsogolera mneni wina, kuti womva adziwe ngati chinthucho chiri cholamulidwa, chololedwa, kapena chongotheka chabe. Ine sindinayambe kuphunzira zimenezi m'kalasi ai, koma mu ofesi ya a Hedimasitala, ndiri chiriri, thukuta liri kamukamu.

Pamene ndinali mu Folomu 1, uthenga unafika wakuti amai agonekedwa m'chipatala kwathu. Lamulo la pano tonse tilidziwa, lakuti wofuna kupita kwao alembe kalata m'Chingerezi. Usiku umenewo ndinafuna liu lamphamvu loonetsa kupweteka kwa mtima wanga, ndipo ndinasankha must. Ndinalemba kuti, "Sir, you must give me permission to go home tomorrow." Mumtima mwanga ndinali kunena kuti, "Chonde bambo, mundilole." M'mawa mwake anandiitana, nandifunsa kuti, "Kodi iwe mwana, wakuika ndani kuti udzilamula ine pa sukulu pano?" Ine ndinasowa choyankha. Atamva za amai anafatsa, nati, "Mwana wanga, wopempha salamula. Pita ukalembe ina." Ndinalembanso kuti, "May I go home today, please?" Chilolezo ndinachipeza ndithu, koma basi ya m'mawa inali itapita kale. Ndinafika ku chipatala nthawi yoona odwala itatha, ndipo ndinagona pa khonde kufikira kutacha. Amai anachira, koma ine sindinaiwale. Akulu anati safunsa anadya phula, motero chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndiri kufunsa za timau timeneti, ndipo zimene ndapeza ndi izi.

Choyamba tione maonekedwe ake. Aneni amenewa salandira s ngakhale tinena za munthu mmodzi. Timati "she can swim", osati "she cans swim" kapena "she can swims". Sitiika to pambuyo pake, kupatula pa ought yekha. Chotero "I must to go" ncholakwa, koma "I ought to go" nchokhoza. Ndiponso pofunsa kapena pokana safuna do. Timati "Must I go?" ndi "I cannot go", osati "Do I must go?"

Chachiwiri ndicho kulamula. M'chinenero chathu timati "uzipita" kapena "uyenera kupita", ndipo liu lakuti kuyenera limasenza katundu yense. Angerezi anagawa katunduyo. Must ndiye wolemera koposa, ndipo kawirikawiri lamulo limachokera kwa wolankhulayo. Nchifukwa chake mphunzitsi akhoza kunena kwa ine kuti "You must finish this work", koma ine sindinganene chomwecho kwa iwo. Have to aonetsa lamulo lochokera kwina. Ndikati "I have to wear uniform", ndiye kuti ndiri kungonena zimene sukulu inakhazikitsa. Should ndi ought to ndi opepukirapo, pakuti apereka uphungu umene munthu akhoza kuukana. M'buku la malamulo a pa mseu la ku Britain, lotchedwa The Highway Code, analemba MUST ndi MUST NOT m'zilembo zazikulu pamene pali lamulo la boma limene woliswa akhoza kulangidwa nalo, koma should anamuika pamene pali malangizo. Komabe must sakhala waukali nthawi zonse. Mnzako akati "You must come and eat with us", sali kukulamula, koma ali kukuitana ndi mtima wonse, pakuti wopindula ndiwe.

Must alibe nthawi yakale. Tikafuna kunena za dzulo timabwereka had to, monga "I had to sleep on the veranda."

Chachitatu ndiwo msampha umene wakola ambiri a ife. "You must go" ndi "You have to go" ali pafupi kufanana, koma tikaika not asiyana ngati usana ndi usiku. "You must not go" ndiye kuti usapite, nkoletsedwa. "You do not have to go" kapena "You need not go" ndiye kuti palibe wokukakamiza, ukafuna pita, ukafuna khala. Mnzathu wina anawerenga pa bolodi kuti "Form 4 pupils need not attend the film", nakhala yekha m'chipinda chogona Loweruka lonse madzulo, ali kudandaula kuti amletsa kanema, pamene anzake anali kuseka m'holo.

Chachinai ndicho chilolezo. Pano pali may, can ndi could. "May I come in?" ndiye wa ulemu wonse, woyenera kwa akulu ndi m'makalata. "Can I come in?" amveka kwambiri pakati pa anzako ndi pa nyumba, ndipo Angerezi eni ake amanena chomwecho tsiku ndi tsiku. "Could I come in?" ndi wofatsa koposa can. Taonani kuti could pano sanena za kale ai, angofewetsa pempho, monga ife timachitira ndi mau akuti "kodi ndingalowe?"

Chachisanu ndicho kutheka, ndipo apa timau tomwe tija tivala malaya ena. Ife timati "mvula ingagwe" kapena "mwina igwa". Angerezi amati "It may rain", "It might rain" kapena "It could rain", ndipo ambiri amamva might ngati wokayika pang'ono koposa may. Must nayenso alowa muno. Tikaona bedi la mnzathu liri loyala bwino, bokosi lake palibe, timati "He must be at home." Sitiri kumlamula kuti akhale kwao, koma tiri kunena kuti zizindikiro zonse zionetsa chomwecho. Potsutsa ganizo lotere Angerezi amati "He can't be at home", ndiye kuti nkosatheka. Za kale timaonjeza have. "The bell must have rung" ndiye kuti mosakayika belu lalira kale. "The bell should have rung" ndiye kuti linayenera kulira, koma mwina woliza wagona. Chenjeraninso ndi may not, pakuti ali ndi nkhope ziwiri. "He may not come" akhoza kutanthauza kuti mwina sabwera, kapena kuti saloledwa kubwera. Chimene chitithandiza ndicho kuona nkhani yonse ndi amene ali kulankhula.

Kodi nchifukwa ninji timau timeneti tiri tosokoneza chotere? Yankho liri m'mbiri yake. M'Chingerezi chakale, chimene chinalankhulidwa Anormani asanagonjetse England mu 1066, must anali nthawi yakale ya mneni wotanthauza kuloledwa. Nchifukwa chake lero alibe nthawi yakale, pakuti iye mwini ndiye anali nthawi yakaleyo. Ought ndi mbale wake wa owe, ndipo shall nayenso kale ananena za ngongole, motero kwa makolo ao udindo unali ngati ngongole yofunika kubweza. Can anatanthauza kudziwa, monga ifenso timati "amadziwa kusambira" ponena za munthu amene akhoza kusambira. May anatanthauza kukhala ndi mphamvu, ndipo mpaka lero liu lakuti might litanthauzanso mphamvu. Ndipo kusinthaku sikunathe. Geoffrey Leech, katswiri wa ku Lancaster, pamodzi ndi anzake anayerekeza zolembedwa za ku Britain za 1961 ndi za 1991, napeza kuti must anachepa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anai, pamene need to anachuluka kwambiri. Zioneka kuti Angerezi omwe anayamba kumuopa must monga ndimuopera ine.

Tsono anzanga, makamaka inu a Folomu 1, musanalembe liu lotere dzifunseni mafunso awiri. Loyamba, kodi ndiri kunena za lamulo, za chilolezo, kapena za kutheka? Lachiwiri, kodi ndiri kulankhula ndi yani, ndipo pakati pa ine ndi iye wamkulu ndani? Tonse tidziwa kuti munthu sangalandire satifiketi ya MSCE osakhoza Chingerezi, ndipo malangizo a pa pepala la mayeso nawonso afunika kuwerengedwa ndi maso amenewa. Koma koposa mayeso, tsiku lina mudzalemba kalata yopempha nchito kapena thandizo kwa munthu amene sakudziwani, amene sadzakuitanani mu ofesi kuti amve chimene munafuna kunena. Kalata yanga yoyamba ija ndiri kuisungabe m'bokosi mwanga, ndi mzere wake wofiira pansi pa must. Wofuna kuiona abwere ku chipinda chathu Lamulungu masana.

Wophunzira wa mu Folomu 4