Mafunso ndi Mayankho: Sushi wa Kumphepete kwa Mzinda

WOULUTSA: Lero ndili ndi bambo amene akhala akuphika zakudya za ku Japan m'malesitilanti a ku Cape Town, ndipo makalata anu okhudza sushi afika ambiri ndithu.



Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Kraaifontein. Akuti: "Kwathu ndi kutali ndi pakati pa mzinda wa Cape Town. Pamashopu a pafupi atsegula malo ogulitsa sushi, koma anzanga a kuntchito akuti sushi weniweni ali ku Waterfront ndi ku Sea Point, wa kuno ndi wongonamizira. Nditaye ndalama zanga kapena ayi?"

KATSWIRI: Achimwene, anzanuwo akugulitsani dzina la malo. Sushi sanayambe ngati chakudya cha mabwana. Cha m'ma 1820, mumzinda wa Edo, womwe lero ndi Tokyo, munthu wina dzina lake Hanaya Yohei anatchuka ndi kuumba timibulu ta mpunga wothira viniga n'kuikapo kachidutswa ka nsomba pamwamba. Anthu ankagula pamisasa ya m'mbali mwa msewu, amisiri ndi onyamula katundu, n'kudya chiimire, monga timachitira ife pachiwaya cha tchipisi. Malo apamwamba alipo, sindikukana. Kuli Sukiyabashi Jiro ku Ginza, ya mipando 10 yokha, komwe Barack Obama anadya ndi Shinzo Abe mu 2014. Koma banja wamba la ku Japan silipita kumeneko. Loweruka likakwana amakwera galimoto kupita ku Sushiro, Kura Sushi kapena Hama Sushi, malesitilanti aakulu a m'mbali mwa misewu ya kunja kwa mzinda, okhala ndi poimika magalimoto, momwe timbale timayenda palamba n'kumadutsa patsogolo panu. Nzeru ya lambayo inayambiranso kumphepete. Yoshiaki Shiraishi anaona mmene mabotolo ankayendera m'fakitale ya mowa, ndipo mu 1958 anatsegula malo ake oyamba kudera lomwe lero ndi Higashiosaka, kum'mawa kwa Osaka. Vuto lake linali kusowa antchito, lamba ndiye analowa m'malo mwa operekera zakudya.

Komanso taganizirani kumene nsombayo imachokera. Salmon imene mumaona m'malesitilanti a ku South Africa yambiri imabwera pa ndege kuchokera ku Norway. Ndegeyo siitera ku Waterfront. Ogulitsa amagawa bokosi lomwelo kwa wa m'tauni ndi wa kulokeshoni. Chimene mumalipira chowonjezera m'tauni ndi lendi ya nyumba ndi kuona nyanja pawindo.

WOULUTSA: Ndiye tinene kuti paliponse mpabwino?

KATSWIRI: Ayi mayi, pamenepo ndiye pali nkhani. Malo a kumphepete ali ndi ngozi yake, yomwe ndi kuchepa kwa makasitomala. Nsomba ikafika Lachinayi n'kukhala mpaka Lolemba popanda wogula, mwini malo amayesedwa kuti aigulitsebe. Choncho bambo a ku Kraaifontein, pitani Lachisanu madzulo mukangoona. Ngati anthu akulowa ndi kutuluka, nsomba siikugona. Mukalowa, gwiritsani ntchito mphuno. Malo abwino amamveka kafungo ka viniga ndi mpunga, osati fungo la pamsika wa nsomba. Yang'anani m'galasi momwe aikamo nsomba: ikhale yowala, yolimba, yosauma m'mphepete, ndipo pansi pasakhale madzi odikha.

Koma ine ndimaweruza ndi mpunga. Anthu amathamangira kuyang'ana nsomba, pomwe luso la wophika lili mumpunga. Itanitsani nigiri iwiri yokha, timibulu tija tokhala ndi nsomba pamwamba. Mpunga ukhale wofunda pang'ono ngati thupi la munthu, ugwirane mukaunyamula koma umwazike ukafika m'kamwa. Ukakhala wozizira ndi wolimba, ndiye kuti anauumba m'mawa n'kuuika m'firiji, ndipo munthu amene sasamala mpunga sindimukhulupiriranso pa nsomba. Ukakhala phala lotsekemera ngati la ana, achulutsa shuga pofuna kubisa zina. Nigiri iwiri ikuuzani zonse musanawononge malipiro a sabata.

WOULUTSA: Uthenga uwu wachokera kwa mayi wa ku Kempton Park. Akuti: "Amuna anga amakonda sushi ndipo akufuna tikadye pa tsiku lokumbukira ukwati wathu. Ine ndine woyembekezera. Komanso kuno ku Joni kulibe nyanja, nsomba yaiwisi ingakhale bwanji yabwino?"

KATSWIRI: Ndiyambe ndi la nyanja chifukwa n'losavuta. Mayi, mukukhala pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Nsomba yochokera kunja imatera pakhomo panu isanafike ku Sandton. Chofunika si kuyandikira nyanja koma kuti nsomba isatuluke mozizira kuyambira pomwe yagwidwa mpaka pambale. N'chifukwa chake nthawi ya kuzimazima kwa magetsi ndinkauza anthu kuti afunse ngati lesitilanti ili ndi jenereta. Funso limenelo silochititsa manyazi.

Tsono za pakatipo. Musadye nsomba yaiwisi kufikira mutachira. Zifukwa zilipo zingapo. M'nsomba za m'nyanja ya mchere mumakhala kanyongolotsi koyera kotchedwa anisakis, kotalika masentimita awiri kapena atatu, komwe kakalowa m'mimba kamaboola khoma la chifu, ndipo ululu wake ndi woopsa. Viniga sakapha, mchere sukapha, wasabi sakapha. Chimakapha ndi moto kapena kuumitsa nsomba m'firiji yozizira kwambiri. Malamulo a ku Ulaya amati madigiri 20 pansi pa ziro kwa maola 24, pomwe a ku America amati masiku 7 pa kuzizira komweko. Ndiye mukamva wophika akunena kuti nsomba yake inaumitsidwa kaye, musamuone ngati wakuba, akuchita zoyenera. Koma kuumitsa sikupha mabakiteriya monga listeria, amene amatha kuvulaza mwana m'mimba. Anthu a ku South Africa sanaiwale mliri wa listeria wa 2017 ndi 2018 umene unachokera ku poloni. Palinso mercury amene amachuluka m'nsomba zikuluzikulu monga tuna ndi swordfish.

Izi sizikutanthauza kuti mukhale kunyumba. Pitani ndi bambo akunyumbawo. Itanitsani sushi wa mapeyala kapena wa nkhaka, wa dzira lokazinga, wa prawn yophika. Kuli tempura, ndiwo zamasamba ndi prawn zoviika m'ufa wamadzimadzi n'kukazinga, kaphikidwe kamene Ajapani anatengera kwa Apwitikizi ofika ku Nagasaki m'zaka za m'ma 1500. Kuli nkhuku ya teriyaki, kuli udon, kuli msuzi wa miso. Muuze woperekera zakudya kuti ndinu woyembekezera, apemphe wophika asinthe mpeni ndi thabwa. Malangizo omwewa ndi a okalamba, ana aang'ono, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika.

WOULUTSA: Funso lotsatirali landisangalatsa. Lachokera ku Mangochi, kwa mnyamata wophika pa loji ina. Akuti alendo amamufunsa za sushi, ndiye akuganiza zopanga ndi chambo chongovuulidwa kumene ndi mpunga wa Kilombero.

KATSWIRI: Mphwanga, mtima wa bizinesi uli nawo, koma chambo chaiwisi usapatse munthu. Ngakhale chikuphiriphitha m'bwato. Nsomba za m'madzi opanda mchere zimanyamula tizilombo tosiyana ndi ta m'nyanja zikuluzikulu, ndipo tina timakhazikika bwino m'thupi la munthu. Ku Singapore mu 2015 anthu ambiri anadwala kwambiri atadya nsomba zaiwisi za m'madzi otere, mpaka boma linaletsa kuzigulitsa zosaphika m'malo odyera. Ajapani eni ake, pa nsomba za m'nyanja yawo ya Biwa, ali ndi njira yakalekale yotchedwa funazushi: amaika nsomba mumchere kwa miyezi, kenako mumpunga wophika kuti isase kwa miyezi inanso. Fungo lake ngakhale Ajapani ambiri amalithawa. Ndipo salmon yomwe tikuitamayi Ajapani sankaidya yaiwisi chifukwa ya kwawo inkakhala ndi nyongolotsi. Anthu a ku Norway ndiwo anayamba kuwanyengerera cha m'ma 1980 ndi salmon yoweta, ndipo zinatenga zaka kuti aivomere.

Za Kilombero, ndi mpunga wabwino zedi, koma ubwino wakewo ndi umene ukuulepheretsa pano. Ndi wautali, wonunkhira, ndipo ukapsa umayoyoka. Sushi amafuna mpunga waufupi, wonenepa, womata, monga Koshihikari, wopanda fungo lolimbana ndi nsomba. Ukauphika ndi madzi ambiri Kilombero kuti amate, upeza phala. Gula mpunga wa sushi m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre kapena ku Lilongwe ukaupeza, chambocho uchikazinge monga tempura kapena uchiwotche, uchikulunge pamodzi ndi peyala. Alendo adya, ndipo mawa adzuka bwinobwino. Usaope kuti si za ku Japan zenizeni. California roll, ya peyala ndi mpunga kunja, inabadwira ku North America. Ku South Africa anapanga yawo yotchedwa fashion sandwich, yomwe ku Tokyo sangaizindikire n'komwe.

WOULUTSA: Bambo wina wa ku Manchester akuti abwana ake amuitana ku lesitilanti ya Chijapani ndipo tulo sakupeza chifukwa sadziwa kugwira timitengo todyera tija.

KATSWIRI: Agone tulo bambowo. Nigiri ndi sushi wokulunga amaloledwa kudya ndi manja, ngakhale m'malo olemekezeka a ku Tokyo, ndipo kathaulo konyowa kamene amakupatsani mukangokhala pansi n'kopukutira manja omwewo. Sashimi, nsomba yopanda mpunga, ndiyo imafuna timitengo, koma kupempha foloko si mlandu. Poviika m'sosi wa soya, tembenuzani kuti ikhudze ndi nsomba, chifukwa mpunga umamwa sosi n'kuphwasuka. Jinja wodula mopyapyala uja si ndiwo, ndi wotsukira m'kamwa mukamachoka pa nsomba ina kupita pa ina. Zinthu ziwiri zokha ndizo musachite ngati pagome pali Mjapani: kuzika timitengo choimirira m'mbale ya mpunga, ndi kulandirana chakudya kuchoka pa timitengo tanu kupita pa ta mnzanu. Zonsezi zimachitika pamaliro kwawo, chachiwiricho potola mafupa a womwalira akawotcha mtembo.

Ndipo chenjerani ndi wasabi, kobiriwira kaja. Anthu ambiri amakayesa peyala n'kumeza kathunthu.

WOULUTSA: Ndinaonapo munthu akulira misozi pagome!

KATSWIRI: Kamawawira m'mphuno, osati palilime ngati tsabola, ndipo kamatha msanga. Chodabwitsa n'choti m'malo ambiri, m'tauni ndi kumphepete komwe, si wasabi weniweni. Ndi muzu wa horseradish wosakaniza ndi mpiru ndi utoto. Weniweni amamera m'timitsinje tozizira ta m'mapiri, ku Shizuoka ndi ku Nagano, amatenga chaka ndi theka kapena kuposa kuti akhwime, ndipo akamukhuta ukali wake umayamba kuzilala pakangotha mphindi 15. Mtengo wake lesitilanti wamba singaukwanitse.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma tiwerenge iyi ya mayi wa Chisilamu wa ku Leicester. Akufunsa ngati zakudya za ku Japan zili halal, popeza ndi nsomba ndi mpunga basi.

KATSWIRI: Mayi, si nsomba ndi mpunga basi. Khitchini ya Chijapani imagwiritsa ntchito kwambiri mirin ndi sake, zonse zopangidwa ndi mpunga ndipo zili ndi mowa. Zimalowa m'sosi wa teriyaki, m'sosi wotsekemera wopaka pa nsomba yotchedwa eel, ndipo ophika ena amathira mirin mumpunga wa sushi momwe. Sosi wa soya wofululidwa mwachikale amakhalanso ndi kamowa pang'ono, ndipo pamenepo funsani a shehe anu. Ramen ndiye samalani kwambiri: msuzi woyera wotchedwa tonkotsu ndi wa mafupa a nkhumba owiritsidwa kwa maola ambiri, ndipo ngakhale mwaitanitsa ramen ya nkhuku, msuzi wake ukhoza kukhala wochokera mumphika womwewo. Ma gyoza nawonso nthawi zambiri amakhala ndi nkhumba mkati.

Apa malo aang'ono a kumphepete amaposa a m'tauni, chifukwa wophikayo mumamuona ndi maso ndipo kawirikawiri ndiye mwini wake. Mufunseni zinthu zitatu: mumpunga mwathira chiyani, msuzi ndi wa mafupa anji, ndipo mafuta okazingira tempura ndi omwewo okazingira nkhumba kapena ayi. M'madera okhala Asilamu ambiri, ku Leicester komweko ndi ku Cape Town, alipo malo okhala ndi satifiketi ya halal, ndipo amaipachika poonekera pafupi ndi khomo kapena pa kauntala.

WOULUTSA: Makalata otsala, kuphatikizapo ya mayi wa ku Area 47 yofunsa za mipeni, tidzawerenga sabata ya mawa nthawi ngati yomweyi.